Kalata Yanga Inadzera kwa Abwana

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ya pa Mwanza Boma, yokonza mapepala a mathiraki odutsa paboda. Dzina lake sinditchula, ndipo si chifukwa cha ulemu ayi. Ofesi yathu inali zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya zitsulo. China chinali cha amanijala, chokhala ndi fani ndi katani. China chinali changa, chokhala ndi kompyuta, pulinta yokonda kutafuna mapepala, ndi benchi pomwe madalaivala ankakhala n'kumasenda manachesi podikira mapepala awo. Likulu la kampani linali ku Blantyre, ndipo anthu akumeneko tinkangodziwana nawo pa makalata.

Makalatawo ndinkalemba ndine, ndipo ndinkawadziwa. Keyala yathu kumanja pamwamba, tsiku pansi pake, keyala ya wolandira kumanzere, moni, mutu wa kalata m'zilembo zikuluzikulu wodulidwa mzere kunsi, nkhani yosapitirira ndime zitatu, kenako "ine wanu wokhulupirika" ndi siginecha. Zonsezi m'Chingerezi. Koma panali mzere umodzi umene ndinkaunyadira koposa, chifukwa anthu ambiri ankauiwala. Wantchito wamng'ono sankaloledwa kulembera kulikulu mwachindunji. Pansi pa keyala ya wolandira ankayenera kulemba kuti "Kudzera kwa Manijala, Nthambi ya Mwanza", n'kusiya mpata woti amanijala awerenge, asaine ndi kudinda kalatayo isanakwere minibasi. Kalata yopanda mzere umenewu inkabwezedwa, kaya muli nkhani ya maliro.

Amanijala athu anali bambo wamfupi, wa nsapato zosongoka, woyenda ndi cholembera chofiira m'thumba la malaya. Kutchalitchi kwathu anali mkulu wa mpingo, ine ndili m'gulu la amayi ovala yunifolomu. Choncho ndinkawaona masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo Loweruka lokha ndi limene maso anga ankapuma. Sankakalipa munthu. Ankayankhula motsitsa, akumwetulira, n'kumakuitana "mayi" mwaulemu wonse uku akukuponda pakhosi. Kulemba kalata sankatha. Ankangoima kumbuyo kwanga n'kumatchula mawu, ine n'kumawongola mwakachetechete. Ndinkadana nawo kuyambira kale, komabe akandiyamikira ndinkasangalala, ndipo mpaka lero zimenezi zimandinyansa.

Lamulo la odwala linayamba chifukwa cha anzathu awiri oyenda ndi mapepala kuboda, amene matenda awo ankangobwera Lolemba. Lachiwiri ankafika ali bwinobwino, atanyamula kapepala kodindidwa kokuti anali ndi malungo. Amanijala anandiitana kuti tilembe memo.

"Bwana, timapepala timeneti munthu akhoza kutipeza paliponse," ndinatero ine, popanda wondifunsa. "Muzinena kuti abweretse buku lenileni la kuchipatala. Lakale, lokhala ndi masamba a m'mbuyo, osati logula dzulo."

"Mayi, mutu wanu umagwira," anatero amanijala. "Lembani momwemo."

Ndinalemba, ndipo ndinalemba bwino. Wodwala adziwitse ofesi tsiku lomwelo. Akabwerera alembe kalata yopempha tchuthi cha matenda, yopita kulikulu kudzera kwa manijala, ndipo apereke buku lake la kuchipatala kuti manijala aliwerenge. Popanda bukulo, masikuwo adzatengedwa ngati kujomba. Kujomba masiku asanu otsatizana ndiko kuthawa ntchito, ndipo wothawa ntchito amachotsedwa. Ndinamata pepalalo pachitseko ndi manja angawa, n'kubwerera m'mbuyo kuti ndione ngati lawongoka.

Woyamba kugwa m'lamulolo sanali a malungo a Lolemba aja. Anali alonda athu, bambo wachikulire wochokera kwa Nthache, amene anabwera kuno ali mwana pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Ankapalasa njinga tsiku lililonse, ndipo nyengo ya manachesi ankandisiyira angapo padesiki osanena kanthu. Anadwala chibayo sabata yathunthu. Atabwerera anandipatsa buku lawo ndi kalata ya papepala la m'kope, yolembedwa ndi mnansi wawo. Sindinaiwerenge n'komwe. Ndinangoyang'ana pamwamba.

"Bambo, palibe mzere wa kudzera kwa manijala. Kalembetseninso."

"Mayi, olembawo ali kumudzi. Simungangoikapo inu pomwepa?"

"Ine ndi kalaliki wa kampani, bambo, sindine mlembi wanu."

Anapita nayo, anabwera nayo. Ulendo wachiwiri panalibe tsiku. Ulendo wachitatu mutu sunadulidwe mzere. Bambo amene ankatsokomola mpaka kugwira khoma anapalasa njinga maulendo atatu chifukwa cha zinthu zimene ndikanakonza ndi cholembera changa osaimirira n'komwe. Pamapeto pake kalata inadutsa, koma mochedwa, ndipo analandira kalata ya chenjezo imene ndinalembanso ndine. Manachesi anasiya kubwera padesiki panga.

Tsopano ndinene za ine, ndipo sindikupempha aliyense kuti andikhululukire. Mwamuna wanga anapita ku Joni kukasaka ntchito. Chaka choyamba ankaimba foni, chachiwiri ankangotumiza zithunzi, chachitatu ndinamva kwa anthu kuti ali ndi mkazi wina ndi mwana. Koma pa Boma ndinali ndikadali mkazi wa mwini, wodikira mokhulupirika, wokhala kutsogolo kutchalitchi ndi duku loyera. M'chaka chachitatucho ndinadziwana ndi munthu wina. Sanali woipa, sanalinso wokhalitsa. Pamene ankachoka pa Mwanza, ine ndinali ndi pathupi pa miyezi iwiri, ndipo palibe amene ankadziwa.

Lachisanu lina la mwezi wa Juni, mwezi wachitatu uli pafupi kutha, ndinamva kupotokola m'mimba ndili padesiki. Ndinapirira mpaka kuweruka. Chipatala chachikulu chinali pafupi, koma pa Boma aliyense ankandidziwa, ndipo ukangoima pamzere wa amayi, nkhani imafika kumsika iwe usanaonane ndi adokotala. M'mawa mwake ndinakwera matola opita ku Thambani kwa amayi anga, nditakhala pathumba la chimanga, ndikuluma chitenje pa bampu iliyonse. Pofika madzulo ndinali nditapita padera. Amayi anandiperekeza kuchipatala chaching'ono cha kumeneko, anamwino anandithandiza bwino, ndipo zonse anazilemba m'buku langa lachikasu monga ntchito yawo imafunira: miyezi ya pathupi, tsiku, mankhwala, ndi chidindo pansi pake.

Lolemba ndinatumiza uthenga wa pafoni kwa amanijala kuti ndadwala. Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Pepani mayi. Tidzaonana ndi buku." Ndinawerenga ndili chigonere pamphasa, ndipo m'pamene ndinakumbukira pepala lija la pachitseko. Ndinali ndi chisoni cha mwana amene sindinamufune koma ndinali nditayamba kumuyankhula mumtima, thupi lili lofooka, magazi asanaleke. Koma chimene chinandidzutsa tsonga pamphasapo chinali kuganiza zala za bambo uja zikutsegula buku langa.

Ndinabwerera kuntchito Lachiwiri la sabata yotsatira, nditajomba masiku asanu ndi limodzi. Ndinali nditapempha adokotala a ku Thambani kapepala konena kuti ndinadwala ndipo ndinayenera kupuma, kopanda kutchula matenda. Kalata yanga yopempha tchuthi inali yosalala, yopanda potola. Amanijala anaiwerenga kawiri, cholembera chofiira chili m'manja, kenako anachibweza m'thumba mokhumudwa.

"Kalata ili bwino, mayi, monga mwa masiku onse. Buku?"

"Ndabweretsa kapepala ka adokotala, bwana. Kali ndi chidindo."

"Timapepala timeneti munthu akhoza kutipeza paliponse." Anamwetulira. "Mawu anu omwe, mayi. Mwaiwala?"

"Matenda ake ndi a amayi, bwana."

"Ine ndili ndi mkazi ndi ana aakazi atatu. Palibe chachilendo chimene ndingaone. Polise ndi polise, lamulo ndi lamulo. Ndikakusiyani inu, alonda aja ati chiyani? Ndikupatsani mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Likapanda kubwera, sikisi deyizi imeneyi ndi kuthawa ntchito, ndipo kalata yake mukuidziwa kalembedwe."

Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo. Ntchitoyo ndinkaifuna, ana anga awiri ankadya kuchokera pamenepo. Koma bukulo likanangofika m'manja mwawo, Lamlungu lisanathe akulu onse a mpingo akanadziwa kuti mkazi amene mwamuna wake wakhala ku Joni zaka zitatu wapita padera. Sindinkaopa Mulungu pankhaniyi, Iye ankadziwa kale. Ndinkaopa bambo wa nsapato zosongoka.

Ndinaimbira amayi. Iwo nkhani anaiona yophweka.

"Iwe, kagule buku lina. Ukawapemphe akulembere malungo, basi. Anthu amatero."

"Lamulo likuti buku lakale, amayi, lokhala ndi masamba a m'mbuyo."

"Ndani wopanda chisoni analemba lamulo lotero?"

Ndinangoti netiweki ikuvuta, n'kudula foni. Ndinaganizapo zong'amba tsambalo, koma umboni wa kudwala kwanga unali pa tsamba lomwelo. Ndinaganiza zopempha adokotala aja kuti alembe malungo pansi pake, koma zoonazo zikanakhalabe pamwamba, ndiponso anali munthu wosalemba bodza, ndinaona nkhope yawo pamene ndinkapempha kapepala kaja. Njira zonse zimene wantchito wochenjera akanadzera ndinali nditazitseka ndekha chaka chathacho, ndikumva kukoma.

Kulikulu kunali mayi wina woyang'anira za antchito. Sindinamuonepo, koma siginecha yake ndinkaidziwa, ndipo pafoni ankamveka ngati munthu. Ndinamulembera kalata yopempha kuti buku langa aliwerenge iye, mayi mnzanga, m'malo mwa manijala wa nthambi. Ndime zitatu, mutu wodulidwa mzere, "ndikupempha modzichepetsa", "ndidzathokoza kwambiri". Mawu amenewa ndinawalemba mano ali gwa. Ndipo pansi pa keyala ndinaika mzere uja, chifukwa kalata yodandaula za abwana nayonso inkayenera kudzera kwa abwana omwewo.

Anaiwerenga atatsamira mpando, fani ikuwakupiza.

"Koma mayi, m'bukumo muli chiyani?"

"Matenda anga, bwana."

"Ee, koma mpaka kulembera ku Blantyre? Mwandichititsa chidwi tsopano." Anatsegula dirowa, anaikamo kalatayo, anatseka ndi kiyi. "Ndiiganizire kaye. Lamulo likuti idzere kwa ine, silikunena kuti ndisaine liti."

Zinali zoona, ndipo mpata umenewo m'lamulomo ndinausiya ndine. Lachinayi linadutsa, Lachisanu linadutsa. M'mawa uliwonse ankandipatsa moni wa mkulu wa mpingo, kundifunsa ngati ndadzuka bwino, ngati mphamvu zikubwerera, ngati mutu wa nyumba akuimba foni kuchokera ku Joni. Funso lomalizali anali asanandifunsepo chiyambire. Ndinkayankha kuti ali bwino, bwana, zikomo, bwana, uku mumtima ndikuwafunira zinthu zimene sindingalembe pano. Ndinkawapangira tiyi, ndipo tsiku lililonse ndinkayang'ana kapuyo nthawi yaitali ndisanailowetse.

Loweruka ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo. Ana atapita kosewera, ndinakhala pakhonde ndi pepala ndi cholembera, n'kulembera mayi uja wa kulikulu pamanja. Sindinawerenge ndime. Ndinamuuza zonse, za ku Joni, za munthu uja, za thumba la chimanga la m'matola, za duku loyera, ndi chifukwa chake bukulo silingapite kwa amanijala. Masamba anakwana atatu, ndipo pena inki inafalikira chifukwa ndinkalira. Ndinajambulitsa tsamba la m'buku lija pa sitolo ina ya kutali ndi ofesi, nditaima pamakina ndekha, n'kuliphatika kumbuyo. Pamwamba ndinaika keyala, tsiku ndi mutu, chifukwa dzanja linazolowera. Mzere wa kudzera kwa manijala ndinausiya dala. Pa envulopu ndinalemba kuti ndi yachinsinsi, ndipo aitsegule mwini yekha.

Lolemba m'mawa, amanijala asanafike, ndinatuluka nayo kupita kudepoti. Alonda anali pageti akumanga chikwama chawo panjinga. Anayang'ana envulopu, anayang'ana ine.

"Yopita ku Blantyre, mayi?"

"Ee, bambo."

"Mzere uja mwaikapo?"

Kuwerenga sankatha, koma mzere umenewo anaupalasira njinga, sakanauiwala. Sindikudziwa ngati ankandichenjeza kapena kundiseka. Panthawiyo ndinamva ngati chipongwe, ndipo ndinawayankha kuti ayang'ane za pageti. Anangoti "Chabwino, mayi," n'kukwera njinga yawo. Envulopu ndinaipereka kwa dalaivala wa minibasi amene ankanyamula makalata athu masiku onse, ndipo ndinaima pomwepo mpaka minibasiyo inadzaza n'kunyamuka.

Masiku atatu amenewo ndinakhala ndi chiyembekezo, ndipo ndikachikumbukira ndimadzimvera manyazi. Ndinkaona mayi uja akuwerenga, akugwira pakamwa, akutenga foni. Foni ya muofesi ikalira ndinkailumphira. Ndinayamba kuyeserera mumtima mmene ndidzayang'anire amanijala akadzauzidwa kuchokera kumwamba kuti buku la mayiyo alisiye.

Lachinayi masana thumba la makalata linafika. Makalata a ofesi ndinkatsegula ndine, kupatula olembedwa dzina la manijala. Munali imodzi yotero, ya envulopu yakhaki, yonenepa pang'ono. Ndinaipereka ndi manja awiri, n'kubwerera kudesiki. Panapita nthawi yokwanira kuwerenga masamba atatu, kenaka kuwabwerezanso. Kenako ndinamva mawu otsitsa aja.

"Mayi, tabwerani. Tsekani chitseko."

Masamba anga anali atayalidwa padesiki pawo, tsamba la m'buku lili pamwamba. Pakona panali kapepala komangidwa ndi sitepula, kolembedwa mzere umodzi: yabwezedwa, idzere kwa manijala wa nthambi. Siginecha sinali ya mayi uja. Inali ya kalaliki wolandira makalata kulikulu. Ndinadziwa nthawi yomweyo mmene zinayendera, chifukwa ntchito yake inali yanga yomwe. Anatsegula envulopu monga amatsegulira zonse, anayang'ana pamwamba, anaona kuti mzere palibe, ndipo sanawerenge liwu limodzi la pansi pake. Sanandichitire nkhanza. Ndikukhulupirira kuti madzulo ake anapita kunyumba akudziona kuti wagwira ntchito bwino.

"Mwadumpha ofesi yanga, mayi," anatero amanijala. "Inu amene mumaphunzitsa ena."

Ndinayang'ana tsamba la m'buku lija padesikipo.

"Koma sindikusungirani mangawa. Mwavutika kwambiri. Mukanangondiuza ngati kholo lanu mumpingo." Anatulutsa cholembera, osati chofiira, chakuda. Pa kalata yanga ya pamanja analemba okha mzere wa kudzera kwa manijala, anasaina, anapumira pachidindo n'kudinda. "Onani, yadutsa. Buku silikufunikanso, umboni ndauona. Ntchito yanu ili bwinobwino."

Ndinafuna kuwalavulira. Ndinafuna kunyamula fani ija n'kuwaphwanya nayo pamutu. Chimene ndinachita n'chakuti ndinati, "Zikomo, bwana," n'kutuluka, n'kukakonza mapepala a thiraki ya simenti imene dalaivala wake ankadandaula kuti wachedwa.

Lamlungu loyamba amayi awiri amene tinkakhala benchi imodzi anasunthira kwina. Lachitatu la sabata yomweyo ndinaitanidwa kukaonekera kwa akulu a mpingo. Amanijala anakhala kumapeto, manja ali pamaondo, maso pansi, ndipo sanayankhule kanthu mpaka pemphero lotsekera limene anapemphera iwowo. Anandidula mumpingo. Yunifolomu ndi duku ndinazipinda n'kuziika pansi pa sutikesi. Alamu anga anabwera kudzatenga njinga ndi wailesi za mchimwene wawo, amene ali ku Joni ndi mkazi wina koma palibe mpingo umene unamuitana. Mwana wanga wamkulu anabwera kuchokera kusukulu n'kundifunsa tanthauzo la mawu ena amene anzake anamuuza. Kumsika amayi ogulitsa tomato ankasiya nkhani ndikafika, n'kuyambiranso ndisanafike n'komwe pa anyezi.

Ndinawafunsa amanijala kamodzi kokha, maso ndi maso, ngati anali iwo amene anauza akulu a mpingo.

"Mayi, nkhani za muofesi zimathera muofesi," anatero. "Koma munthu ali ndi udindo winanso pamaso pa Mulungu. Musandiike pakati."

Ntchito sindinasiye. Anthu ena amayembekezera kuti ndinene kuti ndinamenya chitseko n'kuchoka, koma ana sadya ulemu wa mayi wawo. Ndinakhala pamenepo zaka zina ziwiri, ndikupanga tiyi, ndikuwongola Chingerezi cha bambo ameneyu. Pepala la pachitseko linakhalabe pomwepo mpaka linachita chikasu. Alonda sanatchulepo za mzere uja. Tsiku lina ndinawauza kuti akadzafuna kalata iliyonse adzabwere kwa ine, ndidzawalembera. Anandiyang'ana n'kunena kuti mnansi wawo anaphunzira tsopano, salakwitsanso.

Patapita masabata awiri chichitikireni zonsezi, kulikulu anaimba foni kuti tchuthi changa chavomerezedwa, ndipo manijala wa nthambi andiyankhe polemba. Amanijala anabwera kudzaima kumbuyo kwanga monga mwa masiku onse.

"Tilembe kalata, mayi. Yopita kwa inu."

Ndinatsegula tsamba latsopano. Keyala kumanja, tsiku, dzina langa kumanzere. "Wokondedwa mayi." Iwo ankatchula, ine ndikulemba ndi kuwongola. Kampani yalandira pempho lanu. Kampani yakhutira ndi umboni umene mwapereka. Masiku asanu ndi limodzi avomerezedwa ngati tchuthi cha matenda. Kampani imasamala za umoyo wa antchito ake, ndipo ikukufunirani kuchira msanga. Pulinta tsiku limenelo sinatafune pepala. Ndinawapatsa, anaiwerenga kawiri, ndipo ndinaona dzanja lawo likupita kuthumba la malaya.

"Mwaiwala kanthu kamodzi, mayi." Analemba ndi chofiira pamwamba penipeni, n'kundibwezera. "Nkhani ya matenda a munthu. Pamwamba pamayenera kukhala mawu akuti chinsinsi."

Ankanena zoona, kalata yotero imatero. Ndinabwerera pakompyuta, ndinalemba mawuwo m'zilembo zikuluzikulu, pakati, n'kuwadula mzere kunsi. Ndinasindikiza makope awiri. Iwo anasaina, ine ndinasaina kuti ndalandira, ndipo kope linalo ndinaliboola n'kuliika m'fayilo yanga.